Tsankho la khungu: kodi ndi mutu woti n'kuchitira kafukufuku kuno kwathu?

Kalata iyi yachokera kwa mtsikana amene akuchita digiri yachiwiri pa yunivesite ina m'dziko muno. Ndaidula pang'ono.

"Aphunzitsi, ndithandizeni maganizo. Ndikufuna kuchita kafukufuku wanga pa nkhani ya tsankho la khungu m'Malawi. Ndisanabwerere kusukulu ndinagwirako ntchito pa malo ena ogona alendo kunyanja. Mzungu akafika pageti ankangolowa, koma Mmalawi, ngakhale wobwera ndi ndalama zake, ankayamba wafunsidwa kuti akufuna ndani. Wofunsayo anali mlonda, Mmalawi mnzake. Koma supavaiza wanga akuti nkhani imeneyi ndi ya ku America ndi ku South Africa, kuno vuto lathu n'kusankhana mitundu ndi zigawo, ndiye ndisinthe mutu. Mabuku amene ndawapeza nawonso ambiri ndi a ku America. Kodi ndasochera? Ngati ayi, ndiyambire pati, ndipo sindidziputira mavuto?"

Chemwali, khazikitsani mtima pansi, simunasochere. Zomwe munaona pageti paja ndi zenizeni, ndipo kwa zaka zoposa 70 akatswiri akhala akulemba za zinthu zotere m'mayiko omwe kale anali pansi pa atsamunda, kuyambira ku Brazil, ku zilumba za Caribbean, ku India mpaka kuno ku Africa. Koma musathamangire kuwaona aphunzitsi anuwo ngati okutsekerezani. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuyang'anira ophunzira, ndaona kuti mphunzitsi akanena kuti mutu uwu si wakuno, kawirikawiri chomwe akuopa n'chakuti mudzawabweretsera masamba ambirimbiri odzaza nkhani za ku Chicago ndi ku Soweto, Malawi n'kungotulukira patsamba loyamba ndi lomaliza. Mantha amenewo si achabe. Zolemba zotero ndaziwerengapo zambiri, ndipo zimagonetsa tulo.

Pomwe iwo akulondola ndi apa. Mabuku a ku America anabadwira m'dziko lomwe azungu ndi ochuluka, lomwe linali ndi malamulo olekanitsa anthu m'sukulu, m'mabasi ndi m'maukwati, ndipo m'madera ambiri munthu ankawerengedwa wakuda ngakhale atakhala ndi kholo lakuda limodzi lokha la kale kwambiri. Kuno akuda ndife pafupifupi tonse. Pulezidenti, aphungu, oweruza, apolisi, ngakhale mlonda wanu uja, pafupifupi onse ndi akuda. Mukangotenga mafunso a kumeneko n'kuwabweretsa kuno osasintha, zili ngati kutenga mbewu ya kumapiri a Dedza n'kukaibzala ku Nsanje: imera ndithu, koma nkhokwe musamange. Mkangano umenewu unafika poyaka mu 1999, pomwe akatswiri awiri a ku France, Pierre Bourdieu ndi Loïc Wacquant, analemba kuti mayunivesite ndi mabungwe opereka ndalama a ku America akukakamiza dziko lonse, makamaka Brazil, kuona khungu momwe iwo amalionera. Ambiri anawayankha mokalipa, n'kuwakumbutsa kuti anthu akuda a ku Brazil anali ndi gulu lawo lomenyera ufulu kale mu 1931, asanamve n'komwe za ndalama za ku New York. Mbali zonse ziwiri muziwerenge, chifukwa ndi mkangano womwewo womwe uli pakati pa inu ndi supavaiza wanu.

Nkhani ya Brazil ndikufuna muidziwe bwino. Dzikolo linalandira akapolo ochokera ku Africa oposa 4 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse, ena mwa iwo anakwezedwa zombo ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique, ndipo linathetsa ukapolo mochedwa, mu 1888. Koma silinakhale ndi malamulo olekanitsa anthu ngati a ku America. Mu 1933 Gilberto Freyre analemba buku lotamanda kusakanikirana kwa Apwitikizi, Aafirika ndi eni nthaka, ndipo dziko linayamba kudzitama kuti kwawo tsankho kulibe. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linazikhulupirira zimenezi, moti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 linalipira akatswiri kuti akafufuze chinsinsi cha Brazil, mayiko ena atengereko. Akatswiriwo, monga Florestan Fernandes ndi Roger Bastide omwe anafufuza ku São Paulo, anabwerako ndi zosiyana ndi zomwe anatumidwa. Anthu ankaseka limodzi ndi kuvina limodzi, inde, koma ukayang'ana amene ali pantchito zabwino, m'nyumba zabwino ndi m'sukulu zapamwamba, khungu likamanka lida mwayi unkanka uchepa. Mnzawo Oracy Nogueira anaonetsa kuti ku America amafunsa kuti makolo ako ndani, pomwe ku Brazil amayang'ana maonekedwe ako, ndipo ndalama ndi maphunziro zimatha kukusunthira m'gulu lina. Mu 1976 boma litafunsa anthu kuti atchule okha khungu lawo, panatuluka mayankho oposa 130. Zinatenga nthawi, koma mu 2012 dzikolo linakhazikitsa lamulo losungira malo m'mayunivesite a boma ana ochokera kusukulu za boma, kuphatikizapo akuda ndi eni nthaka. Taonani kuti akatswiriwa sanapambane poyenda n'kumafunsa anthu kuti "kodi mumadana ndi akuda?" Aliyense akanakana. Anawerenga ntchito, malipiro ndi maukwati.

Tibwere kwathu. Aliyense wonena kuti khungu silinakhalepo nkhani m'dziko muno sanatsegule mafayilo a ku Zomba. Boma la Nyasaland linkawerenga anthu m'magulu a Azungu, Amwenye ndi mbadwa, ndipo gulu lomwe wagweramo ndi lomwe linkanena msonkho womwe ulipire, khoti lomwe likuzenge mlandu, sukulu ya mwana wako, ngakhale ngongole yomwe ungatenge. Mu 1929 kukhoti lalikulu ku Blantyre kunabwera mlandu wooneka waung'ono. Mzungu wamalonda, Ernest Carr, anasumira Suleman Abdul Karim chifukwa chosamaliza kulipira lole ya Ford. Bambo ake a Karim anali Mmwenye, mayi ake Mwafirika. Panali lamulo la mu 1926 lomwe linkaika malire pa ngongole zoperekedwa kwa mbadwa, ndiye mlandu wonse unagona pa funso limodzi: kodi munthuyu ndi mbadwa kapena ayi? Woweruza anagamula kuti si mbadwa. Chigamulocho chinasokoneza akuluakulu a boma, makalata n'kumayenda pakati pa Zomba, London ndi mayiko ena a Angerezi kwa zaka, kufunsana kuti ana obadwa kwa makolo a magulu awiri aikidwe pati. Chaka chomwecho ena mwa anthu oterewa anayambitsa bungwe la Anglo-African Association, ndipo chomwe ankapempha sichinali kuthetsa magulu, koma kuti iwo aikidwe pamwamba pa mbadwa. Katswiri wa mbiri Christopher Lee anailemba bwino mbiri imeneyi. Ine ndimaukonda mlanduwu pophunzitsa chifukwa umaonetsa kuti magulu amenewa sanagwe kumwamba. Anthu okhala m'maofesi ankachita kuwapanga, nthawi zina akukanda mutu. Asayansi nawonso anatsimikiza kalekale: Richard Lewontin mu 1972 anapeza kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 a kusiyana kwa chibadwa cha anthu amapezeka pakati pa anthu a gulu limodzi lomwelo. Choncho pepala lanu lisadzalankhule ngati khungu palokha limachititsa kanthu. Chomwe mukufufuza ndi zomwe anthu ndi malamulo amachita nalo.

Za John Chilembwe tinaziphunzira kupulayimale ngati nkhani ya ufulu wa dziko basi. Koma werengani umboni womwe anthu anapereka kwa komiti yomwe boma linakhazikitsa kuwukira kwa Januwale 1915 kutatha, womwe John McCracken anausonkhanitsa n'kuusindikiza mu 2015. Aphunzitsi, makalaliki ndi akuluampingo achiafirika anadandaula za thangata ndi msonkho, komanso anabwereza nkhani ya chipewa: munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, apo ayi atukwanidwe kapena kumenyedwa, mzunguyo osabweza n'komwe moni. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, manijala William Jervis Livingstone ankawotcha matchalitchi omwe anthu a Chilembwe ankamanga. Malo, ntchito yaulele ndi ulemu zinkayendera limodzi.

Tsopano pali munthu mmodzi amene angakugwirizanitseni ndi supavaiza wanu, ndipo ndi Mahmood Mamdani wa ku Uganda. M'buku lake la mu 1996, Citizen and Subject, komanso m'zolemba zotsatira, iye anaonetsa kuti atsamunda ankagawa anthu kawiri. Obwera, monga Azungu, Amwenye ndi Aluya, ankawagawa ndi khungu n'kuwalamulira ndi malamulo a boma. Eni dziko ankawagawa m'mitundu, mtundu uliwonse ndi mfumu yake ndi malamulo ake otchedwa a makolo. Kuno zimenezi zinakhazikika ndi lamulo la mu 1912 komanso la mu 1933 lomwe linapatsa mafumu mphamvu ndi makhoti. Ndiye kusankhana mitundu komwe aphunzitsi anu akunena ndi tsankho la khungu lomwe inu mukunena zinatuluka mu ofesi imodzi. Taganizani za Alomwe omwe anawoloka kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi pambuyo pake. Eni maesiteti anawalandira chifukwa analibe malo, ndiye thangata sakanaikana, ndipo dzina lonyoza lomwe anapatsidwa linalowa m'mabuku a boma mpaka Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo m'ma 1940. Kodi imeneyo ndi nkhani ya khungu kapena ya mitundu? Ndi zonse ziwiri. Ku Rwanda zinafika poopsa. Maganizo a m'ma 1860 a John Hanning Speke, Mngerezi amene anayendera Africa, oti Aafirika ena "otsogola" anachokera kumpoto, anachititsa kuti Atutsi aziwerengedwa ngati alendo amtundu wapamwamba. A Belgium analemba magulu pa zitupa m'ma 1930, ndipo mu 1994 zitupa zolembedwa mitundu zinkafunsidwa pa zipata zomwe ankaphera anthu. Onse ophedwa ndi opha anali akuda. Ngakhale pangano la United Nations lothetsa tsankho, la mu 1965, limaphatikiza khungu, fuko, dziko lochokera ndi mtundu pa tanthauzo limodzi, ndipo gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lathu limaletsa zonsezi m'ndime imodzi. Mfundo imeneyi kaiikeni patebulo pa aphunzitsi anu mwaulemu.

Mbendera itasintha mu 1964 zinthu sizinangotha. Limodzi mwa madandaulo a nduna zomwe zinasemphana ndi Dr Banda patangopita milungu yochepa chilandirireni ufulu linali lakuti azungu akukhalitsa m'maudindo akuluakulu a boma. Mu 1967 Malawi inakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la ku South Africa. Kamuzu Academy itatsegulidwa mu 1981, aphunzitsi ake anali azungu, ndipo n'zomwe mwini sukuluyo ankafuna. Izi zisanachitike, m'zaka za m'ma 1970, Amwenye analamulidwa kuchoka m'masitolo a kumidzi n'kukakhala m'matauni akuluakulu. Ku Uganda zinali zoopsa kuposa apa: mu 1972 Idi Amin anawapatsa masiku 90 kuti achoke, ndipo Mamdani yemweyo anali m'gulu la othamangitsidwa. Nkhani ya Amwenye ndi yomwe imayesa msinkhu wa wofufuza. Wantchito wa m'sitolo ku Limbe angakuuzeni zowawa za malipiro ndi kalankhulidwe ka bwana, ndipo zingakhale zoona. Mwana wa bwanayo, wobadwira ku Blantyre, wolankhula Chichewa bwinobwino, angakuuzeni kuti tsiku lililonse amafunsidwa kuti kwawo n'kuti, nazonso zingakhale zoona. Wophunzira amene amangomva mbali imodzi ndimamubweza.

Za ku South Africa musazitaye, koma zitengereni pomwe zikutikhudza. Harold Wolpe mu 1972 analemba kuti tsankho la kumeneko linkathandiza migodi kupeza antchito otchipa, poti banja la wantchito linkatsala kumudzi n'kumadzidyetsa lokha. Midzi ina yomwe inkanyamula katunduyo inali yathu: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka ndege yonyamula antchitowa inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974 boma n'kuimitsa kulemba anthu. Ndipo mu Meyi 2008, pomwe anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo, akatswiri anafunsa funso lomwe mpaka lero silinathe: bwanji mlendo wothamangitsidwa amakhala wa ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe kapena Somalia, osati wa ku Germany?

Tiyeni pageti panu paja. Frantz Fanon, dokotala wa matenda a maganizo wochokera ku Martinique, analemba mu 1952 za momwe munthu wolamulidwa amafikira podziyeza ndi maso a womulamulira. N'kosavuta kungotenga Fanon n'kunena kuti mlonda uja amadzida yekha, nkhani yatha. Musatero. Woyesa mayeso wanzeru adzakufunsani kuti mwadziwa bwanji kuti ndi khungu osati ndalama. Mwina mlondayo anaona kuti azungu ndi omwe amapereka ya fanta. Mwina bwana anamuuza kuti aziimitsa ogulitsa ziboliboli ndi atsikana oyendayenda, iye n'kumangoimitsa Mmalawi aliyense poopa kuchotsedwa ntchito. Mwina akuyang'ana galimoto, nsapato kapena Chingerezi. Ntchito yanu ndi kulekanitsa zinthu zimenezi. Khalani pamalo pomwe mwaloledwa kukhala, ndi kope, masiku ambiri, n'kumalemba aliyense wofika: wabwera wapansi kapena pagalimoto, wavala chiyani, walankhula chiyankhulo chanji, waimitsidwa kapena ayi, wafunsidwa mafunso angati, wapatsidwa moni wotani. Mukapeza kuti mzungu wapansi, wovala patapata ndi kabudula wakuda ndi fumbi, chikwama kumsana, akudutsa ndi "welcome sir", pomwe Mmalawi wotsika m'galimoto yake atavala suti akufunsidwa kuti akufuna ndani, ndalama zalephera kufotokoza, ndipo mwagwira kanthu. Onaninso mlendo wakuda wa ku Nigeria kapena ku America, Mmwenye wakuno, ndi wa ku China, chifukwa anthu apakatiwa ndi omwe amaulula muyeso weniweni womwe mlonda akugwiritsa ntchito. Mukatero mucheze ndi alondawo, kunja kwa ntchito, m'Chichewa kapena m'Chiyao kapena m'Chitonga malinga ndi dera. Musawafunse ngati ali ndi tsankho. Afunseni kuti tsiku loyamba pantchito anauzidwa chiyani, ndani anawauza, ndipo anayamba akalipiridwapo chifukwa cholowetsa ndani kapena kuimitsa ndani. Mayankho a mafunso amenewo ndi omwe amakufikitsani ku ofesi ya manijala, kwa eni malo ndi kwa makampani otumiza alendo, komwe nkhani yeniyeni imakhala.

Ena amapita patsogolo n'kuchita kuyesa dala. Ku America mu 2004 akatswiri awiri anatumiza makalata ofunsira ntchito ofanana ku Boston ndi Chicago, kusiyana mayina okha, ndipo mayina omveka achizungu anaitanidwa kwambiri, kuposa enawo ndi theka. Ku India Sukhadeo Thorat ndi Paul Attewell anachita zofanana mu 2007 ndi mayina a magulu a anthu, n'kupeza kuti a Dalit, gulu lomwe limaonedwa ngati lapansi kwambiri kumeneko, ndi Asilamu ankaitanidwa mochepa. Kuno mungatumize mauthenga ofunsa chipinda kapena nyumba ya lendi ndi mayina osiyana. Koma njira imeneyi ili ndi kabodza mkati, choncho musaiyambe popanda chilolezo cholembedwa.

Ngati geti likuoneka laling'ono kwa aphunzitsi anu, pali pena pomwe umboni wake ndi manambala. M'mabungwe ambiri othandiza anthu muli masikelo awiri a malipiro, wa antchito akuno ndi wa ochokera kunja. Papepala chosiyanitsa ndi pasipoti, osati khungu. Kafukufuku wina wa mu 2010 m'mayiko asanu ndi limodzi, Malawi ali momwemo, anapeza kuti wochokera kunja ankalandira pafupifupi kanayi kuposa mnzake wakuno wa ntchito ndi maphunziro ofanana. Funso labwino ndi lakuti Mkenya kapena Mzimbabwe wolembedwa ngati wakunja amalandira ndi kulemekezedwa mofanana ndi wa ku Norway kapena ayi. Jemima Pierre anachita zoterezi ku Ghana, dziko la anthu akuda ngati lathu, n'kuonetsa mu 2013 kuti uzungu umalemerabe m'migodi, m'mabungwe ndi m'misika ya mafuta oyeretsa khungu. Buku lakelo lingakuthandizeni kuposa khumi a ku America. Mafuta oyeretsa khunguwo ndi mutu paokha, ndipo m'misika yathu sasowa, koma amafuna kudziwako za mankhwala ndi kuleza mtima pocheza ndi amayi popanda kuwaweruza. Palinso nkhani ya mu 2022 ya mzika ya ku China yomwe inkajambula ana a m'mudzi wina ku Lilongwe akunena mawu odzinyoza m'chiyankhulo chomwe sankachimva, n'kumagulitsa makanemawo pa intaneti. Imeneyo imakopa, koma ikukhudza ana, ndipo kwa wophunzira wa chaka chimodzi chofufuza ndingati aileke. Sankhani chimodzi. Malo atatu ogona alendo m'boma limodzi ndi okwanira digiri yachiwiri. "Tsankho m'Malawi" ndi mutu wa moyo wonse.

Mavuto alipo, ndisakunamizeni. Loyamba ndi la anthu omwe mudzacheze nawo. Inu mudzalandira digiri n'kupita, mlonda adzatsala pageti pomwepo. Dera lakunyanja ndi laling'ono, ndipo mukalemba kuti "mlonda wazaka 50 wa pamalo ena ku Mangochi amene anagwirapo ntchito ku Joni", manijala adzamudziwa ngakhale dzina mulibe. Sinthani zonse zozindikiritsa, sungani mawu ojambulidwa pamalo okhoma, ndipo musawasiye mufoni yomwe mumabwereketsa. Malo omwe munagwirako ntchito ndingakonde muwasiye, chifukwa kumeneko muli ndi mabala anu ndi anzanu, ndipo mudzaona zomwe mukufuna kuona. Lachiwiri ndi lamulo. Musatchule dzina la hotelo, kampani kapena munthu n'kumunena kuti ndi watsankho. Mlandu woipitsa mbiri ungakutherani ndalama zomwe mulibe, ndipo pepala lanu silikusowa mayina kuti lilimbe. Lachitatu n'kutsekeredwa khomo. Zimenezi si zachilendo. Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa bungwe lofufuza la Rhodes-Livingstone Institute ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero), ankafufuza moyo wa antchito a mgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe. Cha m'ma 1940 eni mgodi anamuletsa kulowa m'makomboni, ndipo zina mwa zomwe azungu ankadandaula zinali zoti amazolowerana kwambiri ndi anthu akuda. Posakhalitsa anatula pansi udindo. Inunso manijala akangomva mawu oti tsankho, geti lomwe mukufuna kuliphunzira lidzayamba kukutsekerani inuyo. Musaname za cholinga chanu, koma mutha kunena zoona zake m'mawu ozizira: mukufufuza momwe alendo akuno ndi akunja amalandiridwira. Eni malo ena, makamaka omwe anaona nthawi ya Covid-19 kuti alendo akunja atasowa ndi Amalawi omwe anawasunga, angafune okha kudziwa zotsatira.

Pali vuto linanso lomwe ophunzira saliona msanga, la ndalama ndi mafashoni. Kuchokera pomwe ophunzira a ku Cape Town anachititsa kuti chiboliboli cha mtsamunda Cecil Rhodes chichotsedwe mu 2015, komanso zionetsero zotsutsa tsankho za ku America za mu 2020, mitu yotere inayamba kupeza thandizo mosavuta kunja. Thandizolo litengeni likapezeka, koma dziwani kuti limabwera ndi mawu ake okonzeratu, ndipo munthu amatha kulemba zokondweretsa wopereka ndalama m'malo molemba zomwe waona ku Salima. Thandika Mkandawire, amene anatsogolera bungwe la akatswiri la CODESRIA ku Dakar kuyambira 1986 mpaka 1996, ndi Paul Tiyambe Zeleza analemba zambiri za momwe maphunziro okhudza Africa amapotokera akamalamulidwa ndi zofuna za kunja. Awerengeni, ndi anthu akwathu. Muwerengenso Archie Mafeje wa ku South Africa, amene mu 1971 anatsutsa chizolowezi chofotokoza chilichonse cha ku Africa ndi mitundu. Iye yemweyo mu 1968 analandidwa ntchito yomwe anali atapatsidwa kale pa yunivesite ya Cape Town chifukwa cha khungu lake. Khalaninso okonzeka kupeza zomwe simukuziyembekezera. Mwina umboni udzaonetsa kuti pamalo ena galimoto ndi Chingerezi zikulemera kuposa khungu. Zikatero lembani zomwezo. Pepala lotero ndi lolimba kuposa lomwe linadziwiratu yankho lisanayambe.

Za komwe mungapeze thandizo. Musanacheze ndi munthu ngakhale mmodzi, pulopozo yanu idutse ku komiti ya pa yunivesite yanu yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu, kapena ku komiti ya National Commission for Science and Technology yoona za kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu. Zimatenga milungu, nthawi zina miyezi, ndiye yambani msanga. Mbali ya mbiri yakale, pitani ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, ndipo musanapite pemphani mphunzitsi wa mbiri akuonetseni kaitanidwe ka mafayilo, apo ayi mudzataya masiku. Wina mwa omwe mukucheza nawo akakuuzani kuti anachotsedwa ntchito kapena kumenyedwa chifukwa cha tsankho, inu si loya. Muuzeni za ofesi ya zantchito ya m'boma lake, khoti la Industrial Relations Court, bungwe la Malawi Human Rights Commission kapena Legal Aid Bureau, ndipo chisankho chikhale chake. Mukalandira kalata yoopseza kuchokera kwa mwini malo, musayankhe nokha, ipititseni kwa mkulu wa dipatimenti tsiku lomwelo. Ndipo nkhani zonyozedwa zikayamba kukulemerani, tulo osabwera, mkwiyo osatha, kaonaneni ndi mlangizi wa ophunzira. Zimachitikira ofufuza ambiri, makamaka pomwe nkhaniyo inawagwerapo eni ake.

Kwa supavaiza wanu musapite ndi mkangano. Lembani masamba awiri okha: funso limodzi, malo omwe mukafufuze, anthu angati, njira yomwe mudzalekanitsire khungu ndi ndalama, ndi ndime imodzi yoonetsa momwe mutuwu ukulumikizirana ndi nkhani ya mitundu ndi zigawo yomwe iwo amaidziwa bwino. Apempheni akuuzeni pomwe pali pofooka. Akakanabe popanda chifukwa cha maphunziro, mayunivesite ambiri amalola kupempha supavaiza wachiwiri, ndipo wa ku dipatimenti ya mbiri kapena ya malamulo angakuyenereni. Pempho lotero lidutse kwa woyang'anira maphunziro a digiri yachiwiri, molembedwa, ndipo aphunzitsi anuwo muwadziwitse nokha asanamve kwa ena. Masamba awiriwo mukawalemba, nditumizireni ndiwaone.